Nkhuni za Mtengo wa Mtanda

Chaka chathunthu a Obrad anakhala akumukana Dalibor. Ankati mwana wawo mmodzi yekhayo, Vida, sangakwatiwe ndi mnyamata wa m'tauni wopanda ngakhale ndime imodzi ya munda, munthu wodyera kukwera mapolo a magetsi ngati nyani. Vida anasiya kudya pa tebulo limodzi ndi bambo ake kwa miyezi iwiri, mpaka mkuluyo anatopa. Anati mnyamatayo abwere Lamlungu adzafunsire mbeta mwamwambo. Za kuvomera sanalonjeze. Anangoti adzamumvera.

Ndiye Lachitatu chipale chofewa chinagwa, Okutobala asanafike ndi pakati pomwe. Sichinali chouma chija cha mu Januwale chimene chimauluka ukachiuzira. Chinali chonyowa, cholemera ngati matope, ndipo chinapeza mitengo idakali ndi masamba. Chinakakamira pa tsamba lililonse. Kenako mphepo inatsika kumapiri kudzamaliza ntchito. Kutacha, m'mudzi monse mwa Dubrane munkangomveka nthambi zikuthyoka, ngati anthu akuwomberana mfuti.

Vida ndi bambo ake anali m'munda wa maplamu, aliyense ndi ndodo yaitali, akugwedeza nthambi kuti chipale chiyoyoke. Anali atachedwa. Mzere wonse wa kumtunda unali utang'ambika kale pakati.

"Yambira za m'munsi, iwe," anatero a Obrad. "Ukayamba pamwamba, katundu yense agwera zapansizi. Msinkhu wonsewu sudziwa kugwedeza mtengo?"

"Ndikudziwa, bambo."

"Ukudziwa foni basi. Wakoyo ali kuti? Magetsi azima chiyambire m'bandakucha. Si ntchito yake imeneyi?"

"Azima boma lonse. Sangakhale paliponse."

"Koma Lamlungu pa tebulo langa adzapezeka, pa nthawi yake, ndi njala yake."

Vida anamenya nthambi mwamphamvu kuposa mmene zimafunikira, chipale n'kumulowa m'khosi. Nthawi yomweyo thirakitala ya Miladin inaima pa mpanda. Munda wa Miladin unagundana ndi wa a Obrad, ndipo mkuluyo m'mutu mwake anali atazula kale mpanda wapakatiwo, Vida atamupereka kwa Miladin. Miladin ankaseka ndi aliyense. Munthu wotero umamuyang'ana m'manja, osati kumaso.

"Bambo Obrad, mtengo wa mtanda wathyoka. Nthambi yaikulu ija ya kumsewu. Yagona pa mawaya, yatsika nawo mpaka pansi."

A Obrad anaponya ndodo pansi n'kuchita chizindikiro cha mtanda.

Mtengowo ndi wathundu, uja wa pamphambano kumapeto kwa dambo la a Obrad, umene amautcha zapisi. Pa khungwa lake pali mtanda wosema. Chaka ndi chaka wansembe amabwera kudzaukonzanso mtandawo ndi kuthirapo vinyo, anthu n'kunyema buledi pansi pake. Ndi wa mudzi wonse, koma ousunga ndi a banja la Obrad. Palibe amaukwera, palibe amathyolapo tsamba. Nthambi ikagwa imawolera pomwepo. Ngakhale m'chisanu cha nthawi ya nkhondo, anthu akuwotha mipando ndi zitseko za makola, palibe anatolapo kachitsotso. Wolowa ndi nkhuni zake pakhomo walowetsa maliro.

"Popanda kuichotsa nthambiyo magetsi sayaka," anatero Miladin. Anamuyang'ana Vida n'kumwetulira. "Mwayi wake tili ndi mkamwini wa ntchito yomweyo."

* * *

Pofika Lachisanu nyama inali itayamba kutulutsa madzi ofiira m'mafiriji. Pampu ya madzi inali zii, ng'ombe ankakama ndi manja. Amuna a ku Dubrane ankasonkhana pamphambano m'mawa uliwonse, manja m'matumba, kuiyang'ana nthambi ija. Aliyense wa iwo anali ndi macheka a injini kunyumba. Wansembe anali atatsekeredwa ndi chipale kuseri kwa phiri, ndipo zimenezi zinawakomera, chifukwa panalibe wowafunsa. Onse ankafuna magetsi. Ankangodikira munthu wina woti asenze tchimolo.

Miladin anabweretsa jenereta kwa a Obrad, yopulumutsira nyama. Vida analumbira kuti foni yake sadzaitchaja pa chinthu cha munthu ameneyo, ndipo anasunga lumbirolo. Masana anakwera chitunda cha kuseri kwa manda, kumene netiweki inkagwirako pang'ono, batire ili pafupi kufa.

Panalowa mauthenga atatu a Dalibor.

"Tamaliza midzi ya kumunsi. Mawa m'mawa tili kwanu. Masiku awiri sindinavule nsapato."

"Ndamva kuti kwanu kukulira jenereta. Wachifundoyo ndani?"

"Usavutike kuyankha. Ndamudziwa."

Vida anavula magolovesi ndi mano n'kulemba. "Anabweretsera bambo, osati ine."

Yankho silinachedwe. "Amadya pomwepo?"

"Anadya dzulo. Ndikanamulanda mbale?"

"Ine ndikutafuna buledi wouma pamwamba pa polo, iye akudya kabichi wa nyama wa mayi ako atatsamira chitofu."

"Ukufuna ndimuthire madzi otentha?"

"Ndikufuna undiuze ngati Lamlungu ndikubwera kudzafunsira kapena kudzawombera m'manja anzanga."

Vida analemba uthenga wautali. Anamukumbutsa za miyezi iwiri imene ankadya choimirira kukhitchini ngati wantchito, za azakhali ake amene anasiya kumupatsa moni, za mayina onse amene anatchulidwa chifukwa cha iye. Anamaliza ndi mawu oti, "Ngati sukundikhulupirira, khala pa polo pakopo." Anatumiza.

Atatumiza m'pamene anakumbukira chimene anakwerera chitundacho. Anayamba kulemba kuti, "Mawa ukafika pa mtengo waukulu," foni n'kuzima.

Anaigwedeza, anaiika m'khwapa kuti itenthedwe, koma ayi ndithu. Potsika anadzitonthoza kuti palibe munthu wosadziwa zapisi, ngakhale mwana woyamwa. Anaiwala kuti Dalibor anakulira pa nyumba yosanja m'tauni, kumene mtengo ndi chinthu chomangirirapo njinga.

* * *

Loweruka Vida anali kutsidya la mtsinje, akuthandiza azakhali ake ena kukama, pamene babu la m'khola linayaka. Anamwetulira koyamba sabata imeneyo. Anasamba m'manja n'kuyamba ulendo wobwerera, akukonza mumtima mawu opepesa, ochepa chabe, oti asamukulitse mutu mnyamatayo.

Pamphambano mawaya anali m'mwamba. Pa mtengo panali bala loyera, lodulidwa bwino. Anayang'ana pansi kuti aone nthambi ija. Panalibe. Panali utuchi wokha pa chipale, ndi mapazi a matayala a ngolo olowera njira ya kwawo.

Anathamanga.

Nkhuni zinali zitasanjidwa bwinobwino m'mbali mwa khoma la nyumba, zowazidwa mofanana. Dalibor anaima pambali pake chipewa chili m'manja, maso ofiira ndi tulo, ndevu za masiku atatu, akumwetulira ngati mwana wakhoza mayeso. Anthu anali atadzaza kumpanda. A Obrad anaima pakhomo osaphethira, ndipo kumbuyo kwawo a Zivka, mayi ake a Vida, anali atagwira pakamwa.

"Ndinaona kuti ndi nkhuni zabwino, bambo," ankatero Dalibor. "Andiuza kuti mtengowo ndi wanu, ndiye ndati zisatayike pamsewu. Zikufikitsani pa Khirisimasi."

"Wadula ndiwe?" anafunsa a Obrad. Mawu awo anali otsika.

"Ndine, bambo."

"Wawaza ndiwe?"

"Ndine."

"Walowa nazo pa geti langa ndiwe?"

Kumwetulira kuja kunayamba kuzilala. "Kodi ndalakwitsa?"

"Mtanda sunauone?"

"Ndinauona. Ndinayesa kuti pamenepo panafera munthu pa ngozi ya galimoto. Sindinaukhudze, ndadula kutali nawo."

Kumpanda wina anatsokomola kuti abise kuseka. A Obrad anatsika masitepe awiri a pakhonde pang'onopang'ono.

"Kudula ndikanakukhululukira. Wansembe akanabwera, tikanapemphera, zikanatha. Koma agogo anga anakwirira mwana wofa ndi chisanu osatola kanthambi pansi pa mtengo umene uja. Iwe wauwaza ngati thabwa la chimbudzi, n'kundisanjira maliro pakhoma. Wasankha ndani? Ine kapena mayi akewa?"

Dalibor anatembenukira kumpanda. "Nonsenu munalipo. Maola awiri mwaima pomwepo mukundiyang'ana. Inu a chipewa chofiira munandigwirira makwerero. Panalibe mmodzi woti atsegule pakamwa?"

Anthu anayang'ana nsapato zawo. Wina kumbuyo anati, "Ife timayesa ukudziwa." Kumbuyo kwawo, m'mazenera a nyumba zawo, mababu ankayaka dzuwa likuswa mtengo.

Dalibor anamuona Vida. "Vida, auze. Ukundidziwa iwe."

Maso onse anabwera pa iye. Vida anaona miyezi iwiri ija, chaka chonse chija, zitasanjidwa pakhoma pamodzi ndi nkhunizo. Mkwiyo umene unayenera kugwera anthu a kumpanda unagwera amene anali pafupi.

"Ndiwauze chiyani? Dzulo pakamwa unali napo pondinyoza. Lero unalephera kufunsa ngakhale mwana? Safunsa anadya phula. Chitsiru chenicheni."

Dalibor anamuyang'ana. "Batire yondilalatira unali nayo," anatero. "Yondichenjeza unalibe."

"Tuluka pakhomo panga," anatero a Obrad. "Za mawa usavutike."

Dalibor anavala chipewa chake. Pa geti anthu anapatuka msanga kuti zovala zake zisawakhudze, anthu omwewo amene nyama yawo inali itayambanso kuuma m'mafiriji.

"Magetsi anu ndi amenewo," anatero osatembenuka. "Muwagwiritse ntchito bwino."

* * *

Pasanathe ola Miladin anabwera kudzatenga jenereta yake, ndipo monga mwa masiku onse anapezeka atakhala kukhitchini, kapu ya rakiya, kachasu wa maplamu, ili patsogolo. Vida anali pa zenera. A Zivka ankapukuta mbale imodzi yomweyo kachitatu.

"Nkhumba tapha kale, makeke aphikidwa," anatero a Obrad. "Sizitayika. Mawa Miladin abwera ndi mayi ake kudzakufunsira. Iwe udzavala bwino, udzapereka khofi."

Vida ankayang'ana ngolo ya thirakitala ya Miladin imene inaima panja. M'makona mwake munali utuchi.

"Dalibor alibe ngolo," anatero. "Nkhuni zija zabwera pa chiyani?"

Miladin anamwa pang'ono. "Anandipempha. Munthu wotibwezera magetsi ndikanamumana?"

"Anadziwa bwanji kuti mtengowo ndi wathu?"

"Anafunsa."

"Ndiye kuti anafunsa."

"Anafunsa mwini wake, ndinamuuza. Anafunsa ngati bambo angakondwe nazo, ine ndinati chisanu chino nkhuni ndi nkhani yaikulu pakhomo lililonse. Ndanama pati? Ine sindinagwire ngakhale chikuni chimodzi, Vida. Ndinangoyendetsa thirakitala."

Vida anatembenukira bambo ake. "Mwamva?"

"Ndamva kuti sanagwire," anatero a Obrad.

"Wakuthirani tsoka pakhomo ndi manja a mnzake, inu mukumuthirira rakiya?"

"Uyu amadziwa malire. Wako uja sadziwa kanthu, ndipo munthu wosadziwa kanthu ndi woopsa kuposa wochenjera. Wochenjera umadziwa pomugwira."

"Mtengowo simukuulira ayi. Mwapeza chifukwa chimene munkachifuna chaka chonse. Mukanatha mukanaithokoza mphepo."

"Vida, mwana wanga, khala chete," anatero a Zivka.

"Ndakhala chete pabwalo paja, mayi, pamene ndinayenera kulankhula. Ndipo pamene ndinatsegula pakamwa ndinaluma munthu wolakwika." Anamuyang'ana Miladin. "Mayi ako aja sachapa Lachisanu, satulutsa phulusa pa tsiku la oyera mtima, mphaka wakuda akawadutsa amabwerera kunyumba. Si choncho?"

"Ndi anthu opemphera. Vuto lili pati?"

Vida anatuluka. Anamva mayi ake akumuitana koma sanacheuke. Pakhoma paja anasankha chikuni chachikulu, anachikumbatira ngati mwana, n'kulowa nacho m'nyumba. Miladin anadzuka msanga mpaka mpando unagwa, n'kukakamira kukhoma kuti chisamukhudze. Vida anatsegula chitofu ndi phazi n'kuchikankhira mkati.

Chinali chachiwisi. Chinalira, chinatulutsa thovu kumapeto, utsi unadzaza kukhitchini. Kenako khungwa linagwira moto.

"Kawauze mayi ako," anatero Vida. "Ngati pali tsoka, tsopano ndi langa ndi Dalibor, tagawana. Akhale olimba mtima adzanditenge, ndikawaphikire pa chitofu chawo ndi manja omwewa."

A Zivka anali atakhala pansi akulira chamumtima. A Obrad anadzuka. Vida anayembekezera khofi la kumaso, koma mkuluyo sanakweze dzanja. Anangotenga jekete lake pa msomali.

"Zotsalazo ndizibweza ndekha pansi pa mtengo, pamsana, chimodzichimodzi," anatero. "Tenga chikwama chako. Ndikamamaliza ndisakupeze m'nyumba muno."

* * *

Lole ya a magetsi inali itaima pafupi ndi sitolo ya kumunsi kwa mudzi. Vida anafika chikwama chili paphewa, nsapato zitalowa madzi. Anapeza a Gvozden, kapitawo wa gulu la Dalibor, akukulunga chingwe. Anali munthu wa imvi, wosakonda mawu.

"Dalibor ali kuti, bambo?"

A Gvozden anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiwe uja wa phula?"

"Ndine. Ali kuti?"

"Wapita. Amafuna anthu kumapiri a kumalire, kumene mapolo agona ngati chimanga chadyedwa ndi ng'ombe. Milungu itatu, mwina mwezi. Palibe ankafuna. Iye wakweza dzanja ndisanamalize kufunsa."

"Ndibwerekeni foni yanu."

"Kumeneko foni siigwira. Timalankhulana pa wailesi ya ntchito, akafika."

"Ndiye mumuuze kuti ndinalakwa. Mumuuze kuti Miladin ndi amene anamutchera msampha, wavomera yekha. Ndatenga chikuni chimodzi ndachiwotcha m'chitofu cha bambo, andithamangitsa. Ndilibe kopita koma kwa iye."

A Gvozden anapachika chingwe n'kuyatsa ndudu. "Mnyamata uja wagwira ntchito masiku atatu osagona kuti afike kuno Loweruka. Ndinamuona akusanja nkhuni zija ngati akusanja maluwa. Ndinakumvanso iwe pa geti. Zimenezo ndinaona. Za chitofu sindinaone."

"Mukuganiza kuti ndikunama?"

"M'mudzi muno lero ndaona anthu makumi atatu akunama osatsegula pakamwa. Ine ndimanena zimene ndaona, mayi. Ndikaona, ndidzamuuza."

Vida asanayankhe, galimoto yoyera inatsika msewu ikumwaza matope a chipale n'kuima pafupi nawo. Miladin anatsitsa galasi. Sankaseka.

"Kwera. Bambo ako aterereka pa kamlatho, chikuni chili pamsana. Amenyetsa mutu pa mwala, sakulankhula. Anthu awanyamula kale kupita kuchipatala cha m'tauni, mayi ako ali nawo. Andituma ndidzakutenge."

"Ukunama."

"Khala pomwepo ngati ndikunama. Koma anthu ayamba kale kunena kuti mtengo sunachedwe kuyankha, ndipo akudziwa amene anasonkha motowo. Ukapanda kufika, mayi ako uwauze wekha chifukwa chake."

Vida anayang'ana kumtunda, kumene kunali nyumba yawo. Sinkaoneka, inabisika ndi mitengo yothyoka. Basi inali isanayende chiyambire Lachitatu, ndipo kutauni sikofika ndi miyendo. Anayang'ana nkhope ya Miladin kufuna bodza, koma sanapeze pogwira. Munthu yemweyu m'mawa uno sananame liwu ngakhale limodzi, koma ukwati wa Vida anaupha.

"Bambo Gvozden, ndiperekezeni ndinu pa lole."

"Lole ili ndi midzi inayi yoti ifikeko kusanade. Kuli nkhalamba zopanda moto kumeneko."

"Ndiye mwamva chimene ndikukwerera galimoto ya ameneyu."

"Ndamva zimene wanena iyeyo," anatero a Gvozden. "Kamlathoko sindinaliko."

Miladin anatambasula dzanja n'kutsegula chitseko cha kutsogolo. Vida anachimenyetsa kuti chitsekeke, anatsegula cha kumbuyo, anaponyamo chikwama n'kulowa. Galimoto inanyamuka.

A Gvozden anaiyang'ana mpaka inakhota pa tchalitchi, mwamuna kutsogolo, mkazi ndi chikwama chake kumbuyo. Anaponya ndudu m'chipale, anakwera mu lole, n'kuyatsa wailesi ya ntchito ija yolankhulirana ndi Dalibor.